Mayi akathawa nkhanza usiku kuno kuchigwa cha Shire, amagogoda pakhomo pa yani?

Make Tadala (Bangula):
Moni nonse a pagulu. Kuyambira pa 25 Novembala mpaka pa 10 Disembala kukhalanso masiku 16 aja olimbana ndi nkhanza. Ku Nsanje boma ndi ku Chikwawa kudzakhala maperete, magule ndi zolankhula za akuluakulu, ndipo zimenezo zili ndi ntchito yake. Koma funso langa ndi lina. Mayi wamenyedwa usiku kumudzi kwa Mbenje kapena kutsidya ku Makhanga, wathawa ndi mwana kumbuyo, foni yatsala m'nyumba. Amalowera kuti? Ine ndili mu komiti ya m'dera yothandiza ozunzidwa, ndipo amayi ambiri safika n'komwe kwa ife. Amathera kwa ankhoswe, kukacha abwerera kunyumba komweko. Abambo a pagulu pano, musangowerenga n'kudutsa, tikufuna timve maganizo anu.

Bambo a Yamikani (Nchalo):
Zikomo mayi. Ine ndine nkhoswe wa mabanja angapo ndipo ndiyankhe mosabisa. Masiku ano ankhoswe tikunenedwa ngati ndife oyambitsa mavuto. Koma pamene awiriwo akangana pakati pa usiku, wapolisi ali kutali, wa bungwe ali ku Blantyre, amene amadzuka n'kuyatsa tochi ndi ife. Mabanja ambiri amene mukuwaona ali chilili lero tinawakonza ndife. Nkhani iliyonse ikamathamangira kupolisi, m'midzimu mutsala banja?

Make Tadala (Bangula):
Bambo a Yamikani, sindikukana kuti mumadzuka usiku. N'chifukwa chake ndikufuna tikambe za inu, poti khomo loyamba ndi lanulo. Koma tandiuzani, mayi akabwera diso litatupa, mwina dzino lathyoka, mumamuuza chiyani?

Bambo a Yamikani (Nchalo):
Timaitana mwamunayo, timamudzudzula kwambiri, nthawi zina amalipira nkhuku kapena mbuzi. Mkaziyo timamulangiza kuti banja ndi kupirira.

Anamwino a ku Ngabu:
Pamenepo ndiye ndilowepo. Bambo, mbuziyo amadya ndani? Ndipo mayiyo amapita liti kuchipatala? Ife timawalandira patatha sabata, bala litayamba kale mafinya, akuti ndinagwa pa njinga. Wina ali ndi pakati, anamupondaponda pamimba, akubwera magazi akutuluka tsiku lachitatu chifukwa akuluakulu anali akukambirana kaye. Kukambirana sindikuletsa, koma kuchipatala kuyambe.

Ndipo pali chinthu chimodzi chomwe ndikupempha nkhoswe aliyense, mfumu iliyonse, mayi aliyense wa mvano achisunge pamtima. Ngati mayi kapena mtsikana wagwiriridwa, pali maola 72 okha, kutanthauza masiku atatu, oti ayambe kumwa mankhwala a PEP oteteza ku HIV. Akapitirira pamenepo mankhwalawo sagwiranso ntchito. Palinso mapiritsi oletsa kutenga pakati pangozi, nawonso amafuna changu. Asasambe kaye ngati n'kotheka, zovala asachape, chifukwa umboni umakhala mmenemo. Musadikire kalata ya kupolisi kapena ya amfumu kuti mubwere naye, bwerani, zinazo zitsatira. Kuzipatala zikuluzikulu kuli malo otchedwa Chikwanekwane, komwe namwino, wapolisi ndi wa zachisamaliro cha anthu amathandizira pamodzi kuti munthu asamafotokoze zowawa zakezo maofesi anayi.

Bambo a Yamikani (Nchalo):
Za kugwirira ndiye sitiweruza ife, imeneyo timadziwa kuti ndi ya boma. Ine ndimakamba za kukangana kwa m'nyumba.

Mwana wa kwa Kasisi (ndikuphunzira zamalamulo):
Atate, ndi ulemu wonse, malire amene mukuikawo malamulo sawaika pamenepo. Lamulo loteteza ku nkhanza za m'banja linakhazikitsidwa mu 2006, ndipo silikamba za kumenya kokha. Kumana mkazi ndalama za chakudya dala, kumulanda zomwe wapeza, kumuopseza, kumutukwana tsiku ndi tsiku, zonsezo ndi nkhanza pamaso pa khoti. Chomwe anthu ambiri sadziwa n'chakuti lamuloli cholinga chake choyamba si kutsekera mwamuna m'ndende. Khoti la majisitireti likhoza kupereka chikalata choletsa mwamunayo kumuyandikira kapena kumuopseza mkazi. Likhozanso kulamula kuti mkazi ndi ana akhale m'nyumbamo, wochita nkhanzayo ndiye atuluke. Ndipo sikuti wopempha akhale mayi yekhayo, kholo lake, m'bale wake kapena wapolisi akhoza kumupemphera.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse amene anakwatiwapo anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana kapena kuzunzidwa m'maganizo. Ambiri sanapemphe thandizo kulikonse, ndipo amene anapempha ambiri anapita kwa achibale. Ndiye Make Tadala akunena zoona, nkhaniyi imathera kapena kupulumukira m'manja mwa achibale.

Aphunzitsi a ku Muona:
Zamalamulozo n'zabwino, mwana wathu, koma bwerani kuno ku East Bank, kum'mawa kwa Shire, mudzaone. Mvula ikagwa, msewu wa Thabwa kupita ku Fatima umaduka pa mitsinje, ndipo kuwoloka Shire kupita ku Bangula ndi pa bwato, kulipira. Mayi amene mwamuna wake amasunga ndalama zonse, ya bwato aitenga kuti? Akafika kupolisi amuuza kuti apite kuchipatala, akabwerako amuuza kuti abwere Lachiwiri, kukhoti mlandu auimitsa kaye mpaka mwezi wamawa. Ulendo uliwonse ndi ndalama, ndipo kumunda kukudikira. Pofika ulendo wachitatu amangoti basi ndamukhululukira. Anthu amati amayi amathetsa okha milandu. Ine ndimati mtunda ndi umene umathetsa milandu yambiri kuno.

Make Tadala (Bangula):
Aphunzitsi mwalasa. Koma pali chinanso. Mayi wina anandigwira dzanja n'kundifunsa kuti, mukam'manga, ana anga adya chiyani? Mwamunayo ndi msodzi ku Elephant Marsh, ndiye amabweretsa ndiwo ndi ndalama ya ufa. Ndinalibe yankho lokwanira. Kumuuza za ufulu wake pamene m'nyumba mulibe ufa, amakumvera mwaulemu koma mtima wake uli pa mphika.

Mwana wa kwa Kasisi (ndikuphunzira zamalamulo):
Khoti limatha kulamula bambo kuti azipereka ndalama zosamalira ana ngakhale banja litatha kapena atapatukana.

Make Tadala (Bangula):
Limalamula, inde. Kwa munthu wa pa tikiti ngati a ku kampani ya shuga, n'zotheka kumutsata. Nanga msodzi kapena wa maganyu, amene mawa akhoza kukwera bwato n'kukakhala ku Mozambique miyezi isanu ndi umodzi?

Nyakwawa wa kwa Tengani:
Ndawerenga zonse, ana anga, ndipo ndiyankhule monga munthu amene milanduyi imafika pabwalo pake. Choyamba, musaiwale kuti kuno kuli miyambo iwiri. Kwa Amang'anja ambiri mwamuna ndiye amapita chikamwini, mkazi ali pakati pa abale ake, akalira alongo ake amamva. Kwa ife Asena mkazi amalowoledwa n'kupita kwa mwamuna. Amene amuzungulira ndi apongozi ndi alamu. Akathawira kwawo, bambo ake amayamba kuwerenga ng'ombe kapena ndalama zomwe analandira, zina anadya kale, zina analowolera mchimwene wake. Ndiye amamuuza kuti bwerera, mwana wanga, tilibe chobweza. Ndipo amamuopseza kuti ana ndi a kuchimuna, ukachoka uwasiya. Mayi ndi angati amene angasiye mwana woyamwa?

Ine pabwalo langa ndinanena kuti mkazi akachoka chifukwa cha kumenyedwa, nkhani yobweza chuma sindiimva. Si onse anakondwa. Ena anati ndikuononga mwambo. Koma makolo athu polandira chuma sankagulitsa munthu, ankamanga ubale, ndipo mkamwini wozunza mwana wa eni ankaitanidwa n'kuchititsidwa manyazi pagulu.

Mwana wa kwa Kasisi (ndikuphunzira zamalamulo):
Zikomo, amfumu. Ndiwonjezere kuti pa za ana, khoti limayang'ana komwe mwanayo akhale bwino, osati amene anapereka ng'ombe. Amayi ambiri amapirira nkhonya chifukwa cha mantha a chinthu chomwe lamulo silinena.

Bambo a Yamikani (Nchalo):
Amfumu, nanga abambo amene akuzunzidwa? Kuno nthawi yodula nzimbe, mwamuna amagwira ntchito dzuwa lonse lija la kuno, akalandira mkazi amulanda, ena amathiridwa madzi otentha. Akapita kukadandaula anthu amamuseka. Mabungwe onse ndi amayi, amayi.

Anamwino a ku Ngabu:
Alipo, bambo, ndipo ndawasokapo mabala. Lamulo lija limateteza aliyense wa m'nyumba, mwamuna ndi mkazi yemwe, ndipo ofesi ya Victim Support Unit kupolisi ndi ya onse. Womuseka mwamuna wodandaula akulakwa. Koma ndikuuzeni zomwe maso anga amaona: pa benchi yathu odzaza ndi amayi, ndipo amachuluka masiku a malipiro komanso nyengo yogulitsa thonje ndi nyemba. Ndalama ikalowa m'nyumba, mkangano wa kuti ipite kuti ndi umene umabala ndewu. Mayi walima nawo chaka chonse, pogulitsa sadziwa n'komwe mtengo.

Make Esinati (Marka):
Ine ndine wamasiye, ndipo ndikufuna ndikambe za kulowa kufa chifukwa anthu akuyankhula ngati zinatha. Mu 2016 dziko lonse linamva za bambo uja wa kuno ku Nsanje amene anauza wailesi ya BBC kuti ndi fisi. Pulezidenti Peter Mutharika analamula kuti amangidwe, khoti linam'patsa zaka ziwiri. Kuyambira pamenepo mafumu ambiri analetsa poyera, ndipo n'zoona kuti zachepa. Koma zomwe zatsala zinalowa mumdima. Sakuitananso munthu wodziwika masana. Amakuuza mwakachetechete kuti ukakana, ana ako ayamba kutupa, imfa ikabweranso pamudzi pano mlandu ndi wako. Tangoganizani, mwamuna wamwalira dzana, mutu sukuyenda, ndipo apongozi akukuuza zimenezo.

Ine ndinakana. Chinandilimbitsa ndi amayi anzanga a kumpingo amene anabwera kudzagona nane m'nyumba masiku onse a maliro mpaka kumeta, osandisiya ndekha ngakhale usiku umodzi. Panalibe mpata woti wina alowe. Ana anga ali moyo, akuluakulu. Mabanja ena tsopano amagwiritsa ntchito mankhwala azitsamba m'malo mwake, ena amasiyira banja lina la pachibale kuti lichite mwambowo m'nyumba mwawo. Sindikuweruza zimenezo, bola wamasiye asakakamizidwe kugona ndi munthu.

Ndipo katundu. Njinga, mbuzi, malata, anafuna kutenga zonse. Amene anandiuza kuti kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu anali mtsikana wa mu komiti ngati ya Make Tadala. Ndisanamve kwa iye ndinkaona ngati ndi mmene zimakhalira.

Mwana wa kwa Kasisi (ndikuphunzira zamalamulo):
Amayi, pepani kwambiri, ndipo zikomo polankhula. Lamulo la chuma cha masiye ndi la 2011, ndipo loletsa miyambo yoika moyo pachiswe ngati kulowa kufa ndi kusasa fumbi ndi la 2013, lomwe anamangira bambo uja.

Make Tadala (Bangula):
Make Esinati, zomwe anachita amayi a kumpingo kwanuko ndizitengera ku komiti yathu. Sizinafune galimoto kapena alawansi.

Aphunzitsi a ku Muona:
Ndibwerere ku atsikana, poti ndiko ndimakhala. Lamulo la maukwati la 2015 linati zaka 18, ndipo mu Febuluwale 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kutseka mpata uja woti makolo akavomera mwana akwatiwe ali ndi zaka 15. Mafumu ambiri kuno ali ndi malamulo a m'midzi, kholo lokwatitsa mwana limalipitsidwa. Amayi a mother group amayenda khomo ndi khomo, ndipo mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera kusukulu. Ndawaona akubwerera, ena mpaka kulemba mayeso a Fomu 4.

Koma chaka cha madzi osefukira zonsezi zimagwa. Mu 2015, mu 2019 ndi namondwe wa Idai, mu 2022 ndi wa Ana, mu Malichi 2023 ndi wa Freddy, nthawi zonse sukulu zimasanduka misasa, maphunziro amaima, ndipo tikatsegulira mayina ena a atsikana a Sitandade 7 ndi 8 sayankhidwa. Ukafufuza umva kuti anapita kubanja, ena kutsidya kwa malire komwe amfumu athu alibe mphamvu. Kholo limene munda wake wakwiririka ndi mchenga limaona ngati kuchepetsa pakamwa pamodzi ndi nzeru. Kuthetsa ukwati wotere n'kotheka, tachitapo. Chovuta ndi mawa lake: mwanayo wabwerera kunyumba komwe kulibe chakudya, yunifolomu inapita ndi madzi. Pakatha miyezi iwiri wabwereranso kwa mwamuna uja.

Make Tadala (Bangula):
Za misasa musandiyambitse. Nthawi ya Freddy ndinali pa msasa wina. Zimbudzi kutali, kopanda nyali, amayi ankadikira kuti apite awiriawiri kapena kupirira mpaka kucha. Ndipo panali amuna ena amene anapatsidwa udindo wolemba mayina a olandira ufa, n'kumauza amayi opanda amuna kuti dzina lako lilowa ukandiona madzulo. Thandizo lija ndi laulere, palibe ayenera kulipira ndi thupi lake. Titakakamira kuti mu komiti ya msasa mukhale amayi okwanira, komanso mayina aziwerengedwa poyera anthu onse akumva, zinachepa. Mvula ikubwerayi tisadikire madzi afike m'khosi. Makomiti a zangozi m'midzi asankhiretu amayi, ndipo malo othawirako aonedwe zimbudzi ndi magetsi a sola panopa.

Wakabaza wa pa Fatima:
Ine sukulu sindinapite patali koma ndinene. Ife a njinga zamoto ndi amene timanyamula anthuwa usiku. Ndinanyamulapo mayi akutuluka magazi m'mutu, mwamuna wake akutithamangitsa ndi chikwanje. Mafuta anali anga, palibe anandibwezera, ndipo sindidandaula. Koma anzanga ambiri amakana, amati ukalowerera za m'banja mawa udzaitanidwa kukhoti ngati mboni, tsiku lonse osagwira ntchito. Mukamapanga misonkhano yanuyo mumaitana mafumu ndi abusa, ife simutiitana.

Anamwino a ku Ngabu:
Achimwene, mwanena chinthu chachikulu. Ndipo sungani manambala awa mu foni, muuzenso anzanu pa siteji: 5600 ndi ya nkhanza, 116 ndi ya ana. Onse ndi aulere, amayendetsa ndi a bungwe la YONECO.

Wakabaza wa pa Fatima:
Ndasunga. Koma netiweki kuno imavuta, madera ena mpaka ukwere pa chulu.

Nyakwawa wa kwa Tengani:
Pa za mabungwe ndinenepo. Pulogalamu ya Spotlight yolimbana ndi nkhanza kwa amayi ndi atsikana, ya United Nations ndi European Union, itayamba mu 2019, Nsanje inali limodzi mwa maboma asanu ndi limodzi osankhidwa. Tinaphunzitsidwa, atsikana anali ndi malo awo okumanirana ndi alangizi, makomiti ankayenda. Sindinganame, zinatitsegula maso ambiri a ife. Koma pulogalamu ili ndi tsiku lotha. Itatha, njinga zinaonongeka, misonkhano inazilala, chifukwa tinazolowera kuti msonkhano ndi wa fanta ndi ndalama ya mayendedwe. Apa ndikudzudzula ife eni. Komanso boma liike ndalama zake mu ofesi ya zachisamaliro cha anthu ndi kupolisi, kuti wozunzidwa asamauzidwe kuti galimoto ilibe mafuta. Ntchito yoteteza anthu singadalire alendo mpaka kale.

Bambo a Yamikani (Nchalo):
Ndamva zonse. Pa za chuma chobweza, amfumu, ine sindinagwirizane nanu kwenikweni, chifukwa akazi ena adzangonamizira kumenyedwa kuti achoke. Imeneyo tidzakambe padera. Koma za anamwino ndazitenga. Funso langa ndi ili: ife ankhoswe tidziwa bwanji kuti iyi ndi yathu, iyi si yathu? Palibe anatiphunzitsapo. Unkhoswe umangopatsidwa tsiku la chinkhoswe basi.

Anamwino a ku Ngabu:
Mmene ndimaonera ine: pakakhala magazi, bala, pakati, chida monga chikwanje kapena mpeni, kukanyanga pakhosi, kuopseza kuti ndikupha, kapena mwana wakhudzidwa, imeneyo musaigoneke pakhomo panu. Za kukanyanga pakhosi ndikutsindika, mwamuna amene wafika pogwira mkazi pakhosi ali pafupi kupha, ngakhale pasaoneke bala. Komanso ngati mayi yemweyo wabwera kachiwiri, kachitatu, ndiye kuti malangizo anu sakumveka kwa mwamunayo. Ndipo musamubweze usiku womwewo kuti akagone ndi munthu amene wamumenya. Agone kwanu kapena kwa amfumu, kukacha mufunseni yekha, mwamuna palibe, kuti akufuna chiyani.

Make Esinati (Marka):
Kumufunsa yekha n'kofunika. Pabwalo pamakhala apongozi, alamu, mwamuna ali pompo akukuyang'ana. Ungalankhule chiyani?

Aphunzitsi a ku Muona:
Za mayendedwe zija, magulu a banki m'khonde ali kale ndi kathumba ka zadzidzidzi ka maliro ndi matenda. Bwanji kathumba kameneko kazilipiranso wakabaza kapena bwato pamene mayi akuthawa nkhanza kapena akupita kukhoti? Gulu la amayi a kusukulu kwathu likumana Lachinayi, ndikayesa kuwafunsa. Chovuta chidzakhala chinsinsi, poti ndalama ya gulu imalembedwa m'buku ndipo aliyense amafuna kudziwa yapita kwa yani.

Make Tadala (Bangula):
Lembani kuti "mayendedwe a wodwala", adziwe ndi wapampando ndi msungichuma okha. Achimwene a pa Fatima, mungapeze anzanu angati amene angavomere kuimbiridwa usiku ngati mafuta abwezedwa?

Wakabaza wa pa Fatima:
Ndifunsa pa siteji mawa. Koma za umboni kukhoti zija mutilongosolere kaye, ndi zomwe anyamata amaopa.

Mwana wa kwa Kasisi (ndikuphunzira zamalamulo):
Kunyamula munthu kupita naye kuchipatala si mlandu, ndipo si nthawi zonse wonyamula amaitanidwa. Amene amafunika kwambiri ndi amene anaona zikuchitika ndi lipoti la kuchipatala. Ndikabwera ku holide mu Disembala ndikhoza kudzakhala nanu pa siteji tsiku limodzi tifotokozerane bwino.

Nyakwawa wa kwa Tengani:
Mwana wanga wa kwa Kasisi, zomwe wanena za chikalata choletsa mwamuna kuyandikira, ndi zija za anamwino zosiyanitsa milandu, undilembere m'Chichewa chosavuta pa pepala limodzi. Tili ndi msonkhano wa ADC, komiti ya chitukuko cha dera lathu, kumapeto kwa mwezi, ndikufuna ndikawerengere manyakwawa anzanga, ndipo ndiitanitsa ankhoswe a m'mudzi mwanga padera. Bambo a Yamikani, nkhani ya chuma ija ndiimbireni madzulo, ndikhala nditabwerako kudimba.